Za kumwambazo tamva, nanga za pansi pano?

Ndinagwira choko zaka 11 ndisanachitaye. Mpaka lero munthu akandiuza kuti mphotho ya mphunzitsi ili kumwamba, ndimafuna kumufunsa: kodi mwini nyumba ya lendi nayenso adzalandirira komweko?

Pa 5 Okutobala chaka chilichonse aphunzitsi amavala nsalu, kuguba, kenaka kumvera akuluakulu akuwatcha mizati ya dziko. Owerengeka amalandira satifiketi, m'manja n'kuwomba. M'mawa mwake aliyense wabwerera m'kalasi momwe muja. Abale, pepala lopachika pakhoma lidaletsapo ndani kusiya ntchito?

Tiyeni tikumbutsane. Mu 1994 sukulu za pulaimale zitakhala zaulere, ana anachoka pa 1.9 miliyoni n'kupitirira 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, sindikutsutsa. Koma katundu yenseyo anagwera pamutu pa mphunzitsi, ndipo nkhata sanapatsidwe. Ine m'Sitandade 2 ndinali ndi ana 130. Makope awo ndinkanyamula pa njinga kukachongera kunyumba, pa koloboyi, mpaka maso kuwawa. Loweruka linali la maskimu. Madzulo ndinkaphunzitsa ana a anthu a ndalama kuti ufa ufike pa 30. Tsiku lina mwana wanga yemwe anabwera ndi lipoti lofiira, mayi ake nkuti, "Bambo, a eni ake akukhoza, wanuyu aphunzitsidwe ndi ndani?" Ndinasowa pogwira. Chaka chomwecho ndinalemba kalata.

Ena amati aphunzitsi amaweruka masana, akudandaula chiyani? Amene amatero sanachongepo makope 130. Belu lomaliza limamasula ana, osati mphunzitsi.

Ena amati boma lilibe ndalama. Chabwino. Koma kukweza munthu pa nthawi yake, kumuyankha akapempha kusamukira kumene kuli banja lake, kumulipira tsiku lomwe munapangana kuti asakagwade kwa akatapila, zimenezi n'za mabiliyoni? Zaka zonse zija ine ndinakhala pa giredi imodzimodzi, ngati chitsa. Ndipo bwanji zoyenera aphunzitsi zimayamba kukambidwa choko chikaikidwa pansi? Mu 2017 a Teachers Union of Malawi anachita kunyanyala kuti ndalama za tchuthi zituluke. Mu 2021 ananyanyalanso pa nkhani ya alawansi ya Covid-19. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kaalawansi ka aphunzitsi a kumudzi kanasanduka ka mchere ndi sopo basi.

Inu a ku Capital Hill, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mangani nyumba pa sukulu. Lembani ntchito achinyamata omwe anamaliza ku makoleji a uphunzitsi koma ali khale pakhomo, kuti kalasi ligawidwe pawiri ndipo munthu azidya nsima ya madzulo ndi ana ake. Anzanga atatu amene tinayambira limodzi, wina ali pa kabaza, wina ku bungwe, wina akukonza kapinga ku Johannesburg. Onsewo ankaikonda ntchitoyi kuposa ine.