Tisaitanitse Kunja Mbewu Imene Ikumera M'mbali mwa Msewu

Ku America ogulitsa mbewu anapeza msika watsopano pa chomera chimene makolo awo ankachizula ngati udzu. Chomeracho amachitcha milkweed chifukwa ukachithyola chimatulutsa utomoni woyera ngati mkaka. Anthu akuchibzala m'mabwalo a nyumba zawo pofuna kupulumutsa gulugufe wotchedwa monarch, yemwe amauluka ulendo wautali kuchokera ku Canada ndi United States kukathera nyengo yozizira m'mapiri a ku Mexico. Mbozi za gulugufeyu sizidya tsamba lina koma la chomerachi, ndipo pamene alimi a chimanga ndi soya anachitha m'minda ndi mankhwala ophera udzu, gulugufeyo anachepa kwambiri. M'chaka cha 2022 bungwe la IUCN linamuika pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi.

Malonda amene ayenda bwino kwina sachedwa kufika kwathu. Choncho ogulitsa mbewu ndi eni nazale, makamaka amene amatumikira madera a tiyi a Honde Valley ndi Chipinge ku Zimbabwe, ayenera kuganiza msanga za mbewu imene adzaike m'paketi. Maganizo anga ndi akuti aikemo ya kuno, ailembe dzina lake lenileni, ndipo asabise kuipa kwake.

Gulugufe wa ku America uja ali ndi mbale wake kuno, Danaus chrysippus. Aliyense amene anayendapo m'misewu ya pa esiteti anamuonapo: mapiko ofiirira, nsonga zakuda za madontho oyera, ndipo amauluka mosafulumira ngati wopanda mdani. Mbozi yake, ya mizere yakuda, yoyera ndi yachikasu, imakulira pa zomera za banja lomwelo la utomoni woyera. Mwa zimenezi pali Gomphocarpus fruticosus ndi Gomphocarpus physocarpus, zitsamba za kum'mwera kwa Africa zotalika ngati munthu, za masamba ang'onoang'ono osongoka ndi zipatso zofufuma ngati chibaluni chaubweya. Zimamera zokha m'mbali mwa misewu ndi m'minda yogonera. Nyengo yotentha, kuchokera pa dzira kufika pa gulugufe wouluka pamatenga pafupifupi mwezi umodzi.

Chifukwa chimene gulugufeyu amaulukira mopanda mantha chinafufuzidwa m'boma la Chipinge momwemo. Charles Swynnerton, amene ankakhala pa famu ya Gungunyana m'mphepete mwa nkhalango ya Chirinda, anatha zaka zingapo kuyambira 1908 akudyetsa mbalame agulugufe a mitundumitundu ndi kulemba zimene ankaona. Iye anapeza kuti mbalame zimene zameza gulugufe wamtunduwu zimasanza, kenako zimamupewa. Pambuyo pake asayansi anatsimikiza kuti mbozi imatenga ululu wa m'masamba amene imadya, n'kuusunga m'thupi mpaka itasanduka gulugufe. Ululuwo ndi wa mtundu umene umasokoneza kagundidwe ka mtima. Motero chomera, mbozi ndi mbalame za m'dera lino zinazolowerana kalekale, ndipo sizikudikira mbewu yochokera kutsidya kwa nyanja.

Wamalonda angafunse kuti, bwanji osagulitsa Asclepias curassavica, wa maluwa ofiira ndi achikasu wochokera kumadera otentha a America? Ndi wokongola kuposa wathu, amamera msanga, ndipo mbozi za kuno zimamudya. Zonsezi n'zoona. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chomerachi chinathawa kale m'minda ya maluwa n'kukhazikika m'tchire m'maiko ambiri otentha. Ku America komweko, akatswiri akuchenjeza kuti m'madera ofunda sichifota chaka chonse, choncho tizilombo toyambitsa matenda a agulugufe timaunjikana pa masamba ake.

Anthu a kum'mawa kwa Zimbabwe safunika kuuzidwa zimene mlendo wokongola angachite. Lantana camara anabwera ngati duwa la pabwalo, lero wadzaza madambo ndi malo odyetsera ziweto. Chitsanzo chapafupi kwambiri ndi Vernonanthura polyanthes, chitsamba cha ku Brazil chimene chinabzalidwa kufupi ndi Sussundenga ku Mozambique m'zaka za m'ma 1990 kuti njuchi zizipezapo chakudya. Cholinga chinali chabwino ndithu, chofanana ndi cha munthu wofuna kudyetsa agulugufe. Koma njere zake zouluka ndi mphepo zinawoloka malire, ndipo tsopano chitsambacho chaphimba zitunda za Chimanimani ndi Chipinge, kulanda malo a zomera za kuno. Njere za milkweed nazonso zili ndi ubweya wouluka ndi mphepo. Wogulitsa paketi imodzi sangathe kulonjeza pamene mbewuyo idzathere.

Ena anganene kuti palibe munthu angalipire ndalama pogula chitsamba chimene amachiona pamsewu tsiku ndi tsiku. Koma mlimi sagula njere zokha ayi. Amagula chitsimikizo chakuti njerezo ndi za mtundu umene walembedwa, kuti zimera, ndiponso malangizo a kasamalidwe kake. Imeneyi ndiyo ntchito yeniyeni ya wogulitsa mbewu. Ndiponso chitsambachi si chachabechabe pa malonda: ku Kenya alimi ang'onoang'ono amalima Gomphocarpus n'kugulitsa nthambi zake za zipatso zofufumazo ku misika ya maluwa ya ku Ulaya.

Tisanamize anthu kuti cha kuno chilibe vuto. Ululu umene umateteza gulugufe ungadwalitse mbuzi, nkhosa kapena ng'ombe ikadya masamba ambiri, makamaka msipu ukasowa. Utomoni wake ukalowa m'diso umapweteka koopsa. Ku Australia, kumene Gomphocarpus ndi mlendo, akulimbana naye ngati udzu woononga. M'makomboni a pa esiteti, kumene kukukhala ana ndi zidzukulu za Amalawi amene anapita kukathyola tiyi, ndi m'mabwalo opanikizana a ku Gaza m'tauni ya Chipinge, ana, nkhuku ndi ndiwo zamasamba zimakhalira pamodzi. Pa paketi palembedwe momveka, m'Chishona, m'Chindau, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kuti chomerachi si ndiwo, chibzalidwe kutali ndi khola, wochigwira asambe m'manja, ndipo zipatso zichotsedwe zisanaphulike ngati sakufuna kuti chifalikire.

Palembedwenso mawu amene wogulitsa mbewu sanazolowere kulemba: masamba akadyedwa, musapopere mankhwala. Mlimi waphunzira kwa zaka zambiri kuti mbozi ndi mdani, makamaka chifikireni ntchemberezandonda m'chigawo chino cha m'ma 2016 ndi 2017. Koma mbozi ya gulugufeyu siigwira chimanga, tiyi kapena rape. Ikatha masamba a chitsamba chake, chitsambacho chimaphukanso.

Sindikunena kuti zitsamba zitatu kuseri kwa nyumba zidzachulukitsa zokolola za makademiya ndi mapeyala a ku Chipinge, pakuti ntchito yaikulu yonyamula mungu pa mitengo imeneyi ndi ya njuchi. Phindu lake ndi lina. Kachigawo kamene sikapoperedwa mankhwala kamasunga njuchi ndi tizilombo tina tothandiza, ndipo mwana wa sukulu amene waona dzira likusanduka gulugufe amaphunzira kusiyanitsa mbozi yoononga ndi yosalakwa.

Makampani a tiyi monga Tanganda ndi Eastern Highlands Plantations ali ndi mitunda yambiri ya m'mbali mwa misewu ndi m'malire a minda. Kumeneko n'kumene njere zingatoleredwe, mogwirizana ndi eni malo, n'kuyesedwa kameredwe kake monga timachitira ndi mbewu ina iliyonse. Tikayamba ife ndi ya kuno, ya kunja idzapeza malo ake pa shelefu atatengedwa kale.