Ndiwo za mlendo pa Namwera

Inu a pamsika, lero ndiyambe ndi kuulula: ine ndine wa mpingo wa Sabata. Nkhumba sindidya, ndipo nsomba zopanda mamba monga kampango ndi mlamba sindiziyandikira. Lamulo lake ndi lija la pa Levitiko 11, lomwe Ayuda amasunga mpaka lero. Nchifukwa chake ndikamanyamuka ulendo, nkhawa yanga yoyamba siikhala thiransipoti ayi, koma m'mimba.

Mwezi wathawu ndinakwera matola pa Mangochi boma, kuwoloka Shire, n'kuyamba chitunda chopita ku Namwera. Msewu wake ngokhotakhota, makutu amachita kutseka, ndipo pofika pamwamba kutentha kwa kunyanja kumakhala kwatsala m'munsi. Ndinkafuna kukaona mabwinja a Fort Mangochi, linga lomwe Angerezi anamanga atagonjetsa mfumu ya Ayao, Jalasi, mu 1895. Makoma ake alipobe m'nkhalangomo, koma njira yake, abale, njofuna miyendo yolimba.

Pobwerako njala inali itafika posauzana. Pa kalesitilanti kena ndinayamba kufunsa za ndiwo mozungulira, monga ndinazolowera, poopa kusekedwa. Mayi wogulitsayo, Msilamu, anandidula.

"Achimwene, nenani msanga. Simudya chiyani?"

Nditawauza, anavundukula poto wina. "Utakawu ndaphika paokha. Chipande chake sichinakhudze kampango."

Iwo kampangoyo amadya, komatu anandimvetsa nthawi yomweyo, poti nawonso akafika ku Blantyre sadya nyama asanafunse yemwe wazinga mbuziyo.

Izi zinandikumbutsa za Cusco, mzinda wa ku Peru womwe unali likulu la ufumu wa Ainka. Uli pamtunda wa mamita 3,400, kuposa nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, moti mlendo amapuma movutikira masiku oyamba. Achinyamata ambiri a ku Israel amathamangira kumeneko akamaliza usilikali. Chakudya chotchuka kumeneko ndi mbira yootcha, yomwe Myuda wosunga lamulo sangailawe. Kodi amalonda akumeneko anakwiya? Ayi ndithu. Ena anafika polemba zikwangwani za malesitilanti awo m'Chihebri kuti ndalama ya mlendoyo isawadutse.

Tsono tabwerani kwathu kuno. Pa chiwaya china mu Limbe ndinafunsapo ngati tchipisi sichinakazingidwe m'mafuta a nkhumba. Mnyamatayo anaitana anzake kuti adzaone "abusa". Patapita kanthawi anati mafutawo ngatsopano, chonsecho zidutswa za kapado zikuyandama momwemo. Bodza lotere ndi lomwe limandiwawa kuposa chipongwe. Ndinachoka ndi ndalama yanga, ndipo Msilamu yemwe anali pambuyo panga anachokanso.

Pa Namwera paja ndinadya nsima ziwiri, n'kugulanso utaka wina wa m'pepala wodyera m'njira.