MWANA AKAPITA KU USILIKALI, OTSALA AGWIRANE MANJA

Chaka ndi chaka, Loweruka lomaliza la mwezi wa February, anthu zikwizikwi amasonkhana pa Mtenguleni kudzaona Nc'wala. Amuna amavina ngoma atanyamula zishango ndi zibonga, nthaka ndi kumanjenjemera, amayi ali nthungululu pakamwa. Tsiku limenelo aliyense amanyadira kuti kuno ndi kwa ankhondo. Koma mwana wa m'nyumba mwathu akalandira uthenga wakuti watengedwa kukaphunzira usilikali, nthungululu sizikhalitsa. Basi ikangonyamuka pa Chipata, bambo ndi mayi amabwerera kumudzi ali duu, ndipo kuyambira tsiku limenelo amalowa m'miyezi ya kudikira imene palibe anawakonzekeretsa. Mwezi uno, okondedwa awerengi, tikambirane za makolo otsalawa, ndi mmene angasenzerane katundu wawo.

Kudikira kotereku sikwachilendo m'dziko lino. Pa mwambo wa Angoni, mnyamata akasinkhuka ankachoka m'nyumba ya mayi ake kukagona ku laweni pamodzi ndi anzake, ndipo kumeneko ankaphunzira kumvera ndi kupirira. Mu 1898 makolo ambiri a dziko la Mpezeni anadikira ana amene anatsata Nsingo kukamenyana ndi Angerezi, ndipo ambiri mwa anawo sanabwerere. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuyambira 1939 mpaka 1945, anyamata a kuno anapita kumaiko amene makolo awo sankatha ngakhale kuwatchula. Maina a malo a asilikali athu akusungabe mbiri imeneyi: Gondar ya ku Chipata inatenga dzina la mzinda wa ku Ethiopia kumene kunali nkhondo mu 1941, Tug Argan ya ku Ndola ikukumbutsa za ku Somaliland, pamene Arakan ya ku Lusaka ndi Chindwin ya ku Kabwe ndi maina a ku Burma. Kenaka m'zaka za m'ma 1970 boma linalamula kuti ana omaliza Fomu 5 azipita ku Zambia National Service, ndipo lamulolo linatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, matenda a taifodi atagwa m'makampu ena. Mbadwo uliwonse wakhala ndi amayi ake oyang'ana kumsewu.

Lero ana athu, anyamata ndi atsikana omwe, amalowa mwa kufuna kwawo ku Zambia Army, ku Zambia Air Force kapena ku ZNS. Ena amakaphunzira kufupi, monga ku Chiwoko ku Katete, ena ku Kabwe ndi ku Lukanga. Ngakhale dziko lathu lilibe nyanja ya mchere, lili ndi Mweru, Tanganyika, Bangweulu ndi Kariba, ndipo mu 2015 kunakhazikitsidwa gulu la asilikali a pamadzi m'chigawo cha Luapula. Abale athu a kutsidya kwa Mwami ali ndi lawo ku Monkey Bay. Taganizani mtima wa mayi amene wamva kuti mwana wake, amene madzi aakulu amene anawaonapo ndi damu la Lutembwe basi, tsopano aziphunzira kusambira atavala nsapato za chisilikali!

Chovuta chachikulu kwa makolo ndi kusamva kanthu. Mwana amene tinkalankhula naye tsiku ndi tsiku amangoti zii, foni yosapezeka, sabata ndi sabata. Tiyenera kumvetsa kuti zii ameneyu ndi mbali ya maphunziro omwewo. Wophunzira usilikali amametedwa, amavala zofanana ndi anzake, amadzuka kusanache, ndipo kawirikawiri saloledwa kukhala ndi foni. Aphunzitsi ake amafuna kuti aleke kudalira kwawo ndi kuyamba kudalira mnzake amene ali pambali pake, pakuti tsiku la zoopsa moyo wake udzakhala m'manja mwa mnzakeyo. Mwana wathu tsono sali yekha. Wazunguliridwa ndi anzake usana ndi usiku. Amene amatsala okha ndife makolo, ngati sitichenjera.

Kuthandizana kumayambira m'nyumba, pakati pa mwamuna ndi mkazi wake. Buku la Tobiti, mutu 5 ndi mutu 10, likutionetsa banja limene linadutsa m'njira yomweyi. Tobiti anatuma mwana wake mmodzi yekhayo, Tobiya, ku dziko la Mediya kukatenga ndalama. Mwanayo atangonyamuka, mayi ake Ana anayamba kulira ndi kudzudzula mwamuna wake kuti waika ndalama patsogolo pa moyo wa mwana. Masiku atapitirira, Ana anatsimikiza kuti mwana wake wafa. Tsiku ndi tsiku ankapita kukayang'ana kumsewu, ndipo usiku ankangolira osagona. Tobiti ankamutonthoza, komabe Malembo sabisa kuti nayenso ankawerenga masiku ali ndi nkhawa. Onse awiri ankamva ululu umodzi, wina mofuula, wina mwakachetechete.

Zimenezi tikuziona m'maanja athu. Mayi amati, "Ndinu munamukakamiza inu, abambo ake, chifukwa cha malipiro." Bambo amayankha kuti, "Mwamuna salira," natuluka kupita kumowa, kumene amakanyadira mwana wake pamaso pa anzake, koma kunyumba osatchula ngakhale dzina lake. Motero mwana akabwerera amapeza makolo ake asakulankhulana. Inu abambo, kunena kwa akazi anu kuti "inenso tulo sindikupeza" sikuchotsa ulemu wanu. Kumawauza kuti sakusenza okha. Inu amayi, chete wa amuna anu musamuyese kusasamala. Khalani pansi madzulo, tchulani dzina la mwana pa pemphero la banja, ndipo gwirizanani kuti mlandu wa amene anamulola kupita watha, pakuti anapita ndi madalitso a nonse awiri.

Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo nthawi zina ngakhale iwiri imalephera. Nanga mayi wamasiye, kapena agogo amene analera mdzukulu okha, akambirana ndi yani madzulo? Apa ndi pamene mphakati uyenera kuonetsa ntchito yake. Pamene maepiskopi a AMECEA anagwirizana mu 1976 kuti miphakati ikhale maziko a moyo wa Eklezia m'maiko athu, sankafuna gulu longosonkhetsa ndalama za parishi. Ankafuna kuti akhristu oyandikana adziwane mavuto. Asilikali akamalemba anthu ntchito amatenga ana m'maboma onse, choncho m'parishi imodzi mungathe kupezeka maanja angapo amene ana awo anakwera basi imodzi. Maanja amenewa adziwane. Akatekisti kapena atsogoleri a mphakati angathe kuwaitana akatha mapemphero, ndipo a mipingo ina asasiyidwe, pakuti nkhawa ya kholo ilibe mpingo. Aitaneninso akuluakulu amene anapita ku ZNS m'zaka zija za lamulo, amene lero ndi agogo, ndi asilikali opuma ntchito. Mawu awo akuti "ifenso tinatha miyezi osalemba kalata, koma tinali moyo" amachiritsa kuposa ulaliki wautali.

Ntchito yoyamba ya makolo ogwirizana ndi kusunga uthenga woona. Kumene kulibe uthenga, mphekesera zimamera ngati bowa. Wina amva pa msika kuti kukampu kwafa ana atatu, wina waona chithunzi pa WhatsApp chosadziwika kumene chinajambulidwa, ndipo pofika madzulo mudzi wonse uli m'maliro opanda mtembo. Gwirizanani kuti amene walandira foni kapena kalata auze anzake, ndipo polankhula ndi mwana wake afunsenso za ana a anzake. Gwirizananinso kuti nkhani yoipa isafalitsidwe isanatsimikizidwe. Wophunzira aliyense amalembetsa dzina la mbale woti adziwitsidwe pakagwa kanthu, ndipo asilikali ali ndi ansembe ndi abusa awo, amene Bambo Mfumu wa parishi angathe kulankhula nawo m'malo mwathu.

Yachiwiri ndi kutetezana kwa akuba. Munthu wa nkhawa sachedwa kumasula chikwama. Kumabwera foni ya munthu wodzitcha mkulu wa asilikali, yakuti mwana wanu wadwala, kapena dzina lake lichotsedwa ngati simutumiza ndalama lero lomwe. Akuluakulu a asilikali akhala akulengeza kawirikawiri kuti kulowa usilikali sikugulidwa, ndi kuti anthu achenjere ndi onyenga otere. Kholo limene lili lokha limagulitsa mbuzi usiku womwewo. Limene lili ndi anzake limayamba lafunsa, ndipo limapeza kuti nawonso analandira foni yomweyo. Chimodzimodzi ndi amene amabwera ndi zithumwa, kunena kuti mwana akhwime kuti chipolopolo chisamulase. Mayi amene amapemphera Kolona ndi anzake Lachitatu lililonse savutika kuwabweza anthu otere.

Yachitatu ndi ya kumunda. Mnyamata kapena mtsikana amene wapita ndi yemwe ankagwira ng'ombe pa pulawo, kutunga madzi ndi kunyamula matumba a fetereza. Mvula ikagwa mu November siyembekeza kuti maphunziro athe. Makolo athu anali ndi dima, ndipo ife tingathe kuchita chimodzimodzi popanda mowa: achinyamata a mphakati apatule mmawa umodzi kukapalira chimanga kapena nsawawa za mayi amene watsala yekha. Mwana akamva kuti munda wa kwawo walimidwa, mtima wake umakhazikika pa zimene anapitira.

Yachinayi ndi kukonzekera tsiku lomaliza maphunziro, limene ambiri amangoti pass-out. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, ndipo ku Kabwe kapena ku Luapula ndi kupitirira apo. Ndi maanja ochepa amene angapeze ndalama ya ulendo wotere mwadzidzidzi. Yambani chilimba mwezi woyamba womwewo. Ngati onse sangathe kupita, apite awiri kapena atatu m'dzina la onse, atanyamula chiponde ndi makalata a ana onse, kuti pasakhale mwana woima yekha pa bwalo pamene anzake akukumbatiridwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ntchito yachisanu ndiyo yolemera kuposa zonse, ndipo ndi pamene chikhristu chathu chimayesedwa. Si onse amene amapita amene amamaliza. Wina amavulala mwendo, wina amapezeka ndi matenda amene sankawadziwa, wina mtima umamulephera. Amabwerera usiku, mutu uli mpala, kachikwama m'manja, ndipo makolo ake amene anatsanzikana ndi mudzi wonse mwa chimwemwe amachita manyazi ngakhale kupita ku Misa. Anthu amayamba kunong'ona kuti ndi wamantha, kapena kuti achibale anamulodza, ndipo mabanja amadana. Makolo amene ana awo akupitiriza ndi amene ayenera kukhala oyamba kufika pa khomo limenelo. Asapite kukafunsa chimene chinachitika. Apite kukanena kuti mwana wabwera ndi moyo, tiyeni tithokoze, ndi kuyamba kuganiza naye za njira ina. Ndipo ngati zitachitika kuti mwana watisiya ali kumaphunziro, pakuti zoterezi zimachitika, amene anadikira pamodzi ndi banjalo ndi amene angathe kukhala nalo miyezi ya pambuyo pa maliro, anthu ena onse atabalalika. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Makolo ena ali ndi funso limene amaopa kufunsa: kodi mwana wanga amene ndinamulera m'chikhristu, amene ankatumikira pa guwa, sadzatayika pogwira mfuti? Asilikali atafunsa Yohane Mbatizi zoti achite, pa Luka 3:14, iye sanawauze kuti asiye ntchito. Anawaletsa kulanda za anthu ndi kunamizira osalakwa, nawauza kuti malipiro awo awakwanire. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, mu 1965, unaphunzitsa kuti amene akutumikira dziko lawo pa usilikali ndi atumiki a chitetezo ndi ufulu wa anthu, ndipo akamachita ntchito yawo moyenera amathandiza kukhazikitsa mtendere. Asilikali a Zambia atumikirapo pansi pa bungwe la United Nations m'maiko angapo, monga ku Central African Republic kumene anayamba kupita mu 2015. Choncho polembera mwana, tisamudzaze ndi madandaulo a kumudzi kapena mndandanda wa zimene adzatigulire ndi malipiro oyamba. Timuuze kuti tili bwino, kuti tikumupempherera, ndi kuti yunifolomu siichotsa ubatizo. Kwa mwana wamkazi tionjezere kuti timamunyadira monga momwe tikananyadira mlongo wake.

Pempho langa kwa atsogoleri a miphakati ndi ili: pa msonkhano wanu wa mwezi uno, funsani kuti ndi maanja angati amene ali ndi mwana kumaphunziro a usilikali, a upolisi kapena a undende. Lembani maina a anawo, muwatchule pa mapemphero, ndipo pemphani Misa imodzi ya iwo onse. Kenaka sankhani anthu awiri oti akayendere banja lililonse sabata isanathe. Amayi Maria, amene anafunafuna Mwana wawo masiku atatu pamodzi ndi Yosefe Woyera, apempherere makolo onse odikira, ndipo Rafaele Woyera, amene anayenda ndi Tobiya, aperekeze ana athu mpaka adzafike kwawo.