Mau a Mlangizi: Mzinda Umene Unakula ndi Ndarama za Nkhondo



Mlungu wathawu ndinali pa msonkhano wa alimi m'mudzi wina, tirikukambirana za nazale za fodya. Titatha, mkuru wina wa imvi anandiitanira pambali nati, "Alangizi, mwana wanga wamkazi wasankhidwa kupita ku Yunivesite. Ndarama zofunika nzambiri, ndipo ine ndiribe kanthu koma ng'ombe zinai. Munda ndiudziwa, ukabzala cimanga umakolola cimanga. Nanga m'mabukhu umo mumaturuka ciani cakuti munthu nkudya? Kodi ndigulitse ng'ombe zanga?"

Funso limeneli nlabwino, ndipo ndidziwa kuti ena a inu muli nalo mumtima. Tsono lero tisiye pang'ono za mizera ndi manyowa. Ndikuuzani mbiri ya mzinda wina wakutali kumene sukulu yaikuru inagwirizana ndi asilikari, ndipo pambuyo pace ndiwayankha bambo aja.

MZINDA WA M'DZIKO LOUMA

Mzindawo dzina lace ndi San Diego. Uli ku Amereka, m'cigawo ca California, pa gombe la nyanja yaikuru yamcere yochedwa Pacific, pafupi ndi malire a Mexico. Dziko lace nlouma. Mvula imene imagwa kumeneko pa caka ndi mainchi 10 okha, pamene ku Lilongwe imapitirira mainchi 30. Mlimi wa cimanga ataliona angopukusa mutu ndi kubwerera. M'caka ca 1900 anthu a m'mzindamo sanakwane 18,000, koma m'caka ca 2020 anali pafupi-fupi 1,400,000.

Cuma cimene anali naco paciyambi ndi doko labwino, lobisika ku mafunde. Akuru a mzindawo anaona kuti wofuna doko lotere ndi Boma, makamaka asilikari a pamadzi. Anawaitana, nawapatsa malo ena kwaulere. M'caka ca 1917 asilikari anatenga North Island kukhala bwalo la ndege zao, ndipo mu 1922 anatsegula malo okonzerapo sitima zankhondo. Mu 1935 kampani yopanga ndege ya Consolidated inasamukira komweko kucokera ku Buffalo.

Kenaka Amereka analowa m'Nkhondo Yaikuru Yaciwiri mu 1941, nkhondo yomwe ija imene asilikari athu a Keyala anakamenya ku Abyssinia ndi ku Burma. Fakitale ya ndege ija inalemba anchito oposa 40,000, amuna ndi akazi omwe. Anthu a m'mzindamo anali 203,000 mu 1940, ndipo pofika 1950 anali 334,000. Madzi anacepa. Pamenepo asilikari a pamadzi anakumba ndi kuyala mipope pa mtunda wa mamailo oposa 70, kuti madzi a mtsinje wa Colorado afike m'mzinda, ndipo anafikadi mu 1947.

KASUKULU KA PA GOMBE

Kumpoto kwa mzindawo kunali kasukulu kakang'ono kophunzira za m'nyanja. Kanayamba mu 1903 ndi thandizo la mai wina wolemera, Ellen Browning Scripps, ndipo nchifukwa cace kachedwa Scripps kufikira lero. Mu 1912 kanalowa m'manja mwa Yunivesite ya California. Aphunzitsi ace anali kutunga madzi m'mabotolo, kuyesa kutentha kwace, ndi kuwerenga tizirombo ta m'nyanja. Munthu wodutsa akanati akuru-akuruwa alikusewera ndi madzi ngati ana.

Koma nkhondo itafika, asilikari anabwera kwa iwo ndi mafunso. Adani anali ndi sitima zoyenda pansi pa madzi, zosaoneka ndi maso, ndipo njira yozipezera inali kuchera khutu ndi makina omvera mau m'madzimo. Makinawo anali kumva phokoso lothetheka ngati moto wa m'chire, losokoneza zonse. Aphunzitsi a ku Scripps anapeza kuti phokosolo licokera ku tinkhanu tating'ono tothyapula zala zao, ndipo anaonetsa malo amene timakhala. Aphunzitsi ena awiri, Harald Sverdrup ndi Walter Munk, anapeza njira yodziwira kukula kwa mafunde masiku ace asanafike. Nzeru imeneyi inathandiza posankha nthawi yotsitsa asilikari pa gombe, monga ku Normandy mu 1944.

Taonani apa, anzanga. Nzeru ya za m'nyanja inasonkhanitsidwa zaka zambiri kusanadze wogula. Tsiku limene inafunika, inapezeka iri kale m'nkhokwe.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Nkhondo itatha, asilikari a pamadzi sanaleke kulipira nchito ya ku Scripps. Anapatsa sukuluyo ndarama ndi sitima zoyendera pa nyanja. Mkuru wace m'zaka za m'ma 1950 anali Roger Revelle, amene iye mwini anagwirapo nchito ya usilikari wa pamadzi. Iyeyu analimbikira kuti pamangidwe Yunivesite yathunthu pafupi ndi kasukulu kaja.

Ali yense anabwera ndi cace. Anthu a m'mzinda anabvota kupereka malo. Kampani ya General Dynamics, imene inali itagula fakitale ya ndege ija, pa nthawiyo yochedwa Convair, inalonjeza madola 1,000,000, cifukwa inafuna anchito ophunzira. Yunivesite ya California ku San Diego inakhazikitsidwa mu 1960. Mkuru wace woyamba, Herbert York, anacokera ku nchito yoyang'anira kufufuza za zida m'Boma la Amereka. Mu 1964 asilikari anapereka Camp Matthews, malo amene anyamata anali kuphunzirirapo kuombera mfuti, ndipo pamenepo panamangidwa zipinda zophunzirira. Lero ophunzira a pa sukuluyo aposa 40,000.

Kugwirizana kwao kunali kotere. Asilikari anali ndi mafunso ndi ndarama. Sukulu inali ndi anthu odziwa kufufuza. Makampani anali kutenga zimene zapezeka ndi kupanga zinthu zogulitsa. Mzinda unapereka malo, ndipo unalandira nchito ndi msonkho.

CIMENE CIRI M'THUMBA MWANU

Mu 1966 pa sukulu yatsopanoyo panafika mphunzitsi wina, Irwin Jacobs. Mu 1968 iye ndi anzace anayamba kampani yaing'ono ya Linkabit. Nchito yace yambiri inali ya asilikari, yokonza njira zotumizira mauthenga kudzera mumlengalenga. Asilikari amafuna uthenga umene mdani sangaumve kapena kuutsekereza. Njira ina yocitira zimenezi ifanana ndi pamsika, pamene anthu ambiri alankhula nthawi imodzi, koma awiri olankhula ciYao amamvana okha pakati pa phokoso la olankhula ciTumbuka ndi ciSena.

Mu 1985 Jacobs ndi anzace 6 anayamba kampani ina, Qualcomm. Anatenga njira ija ya asilikari naiika m'matelefoni a m'manja, kuti anthu ambiri azilankhula nthawi imodzi osasokonezana. Kampaniyo inakula kwambiri. Matelefoni ambiri amene ali m'midzi yathu muno, amene mumafunsira mitengo ya mbeu ndi kulandirira ndarama kwa ana anu a ku Joni, ali ndi tizipangizo kapena nzeru zocokera ku San Diego.

Cina cimene cikhudza ife alimi ndi ici. Mu 1958 mphunzitsi wa ku Scripps, Charles Keeling, anayamba kuyesa mpweya woturuka pootcha malasha, mafuta ndi nkhalango. Pa nthawiyo anapeza magawo 315 pa miliyoni iri yonse ya mpweya wa kumwamba. Tsopano aposa 420. Kuyesa kumeneku ndi umboni wina waukuru wakuti dziko lirikutentha ndi kuti nyengo zirikusintha, monga nonse muona ndi kabweredwe ka mvula.

TSIKU LIMENE WOGULA ANABWERERA M'MBUYO

Mudziwa zimene zimacitika kwa mlimi wobzala fodya yekha, caka cimene ogula atsitsa mtengo. San Diego inalawa zomwezo. Nkhondo itatha mu 1945, Boma linaleka kugula ndege zambiri, ndipo anchito zikwi zambiri anacotsedwa. Nchito inabweranso pamene Amereka ndi Russia anayamba kuopsezana, ndipo Convair inapanga mizinga yaikuru yochedwa Atlas. Koma mu 1991 dziko la Soviet Union linatha, ndipo Boma linacepetsa ndarama za zida. General Dynamics inagulitsa magawo ace. Nchito ya mizinga inasamukira ku Tucson, ina inapita ku Denver. Mu 1996 Convair inatsekedwa, ndipo nyumba zace zinagwetsedwa. Mabanja ambiri analira.

Mzinda sunagwe cifukwa unali utabzala mbeu zina. Mu 1978 anthu awiri a pa Yunivesite anayamba kampani ya Hybritech, yopanga zoyesera matenda, ndipo m'menemo munaturuka makampani ambiri a mankhwala. Mu 1985 Yunivesite inayamba bungwe lochedwa Connect, lokumanitsa ofufuza ndi anthu a malonda. Makampani a matelefoni anali kukula. Fakitale inatha, koma nzeru za m'mitu ya anthu sizinagwetsedwe pamodzi ndi makoma. Asilikari a pamadzi akalipobe, doko nlodzaza ndi sitima zao, ndipo ndarama zao zikali gawo lalikuru la cuma ca mzindawo. Cosiyana ndi kale ncakuti tsopano ogula ndi ambiri.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Sindifuna kukunamizani kuti zonse zinali zokoma. Coyamba, ndege ndi mizinga zinapangidwira kupha anthu. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam ophunzira ambiri a pa Yunivesite yomweyo anakwiya, nati sukulu isagwire nchito ya nkhondo. Mlandu umenewu ngwoyenera kuuganizira, pakuti wolipira ndiye amasankha funso loyamba kuyankhidwa.

Caciwiri, alimi anataya malo. Cigwa ca Mission Valley cinali ca ng'ombe zamkaka, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1950 cinadzaza ndi masitolo ndi miseu. Mu 2003 oyang'anira madzi a dera la mzindawo anapangana ndi alimi a ku Imperial Valley kugula gawo la madzi ao othirira, ndipo minda ina inagonekedwa osalimidwa. Alimiwo analipidwa, koma aganyu a m'mindamo nchito inawacepera. Cacitatu, nyumba zinakwera mtengo koopsa, kotero kuti anthu ena amagona m'miseu m'mzinda wolemera cotere.

YANKHO LANGA

Tsono bambo anga a ng'ombe zinai, imvani. Ndarama ya wogula mmodzi, kaya ndi asilikari kaya ndi wogula fodya, iri ngati madzi osefukira. Imabwera yambiri, nipita. Wanzeru amaipatutsira m'cinthu cimene cidzatsala madziwo ataphwa. Anthu a ku San Diego anaipatutsira m'sukulu, ndipo anadikira zaka zambiri asanadye. Kucokera 1903 kufikira 1941 ndi zaka 38. Sukulu ya mwana iri ngati mtengo wa mango, si ngati mpiru wa m'dimba.

Mwanayo apite ndithu. Koma musagulitse ng'ombe ziwiri za pa goli, pakuti ndizo zidzalima cakudya canu ndi ndarama za zaka zotsatira. Gulitsani imodzi mwa zinazo. Caka cino onjezani munda wa mtedza kapena soya pambali pa fodya, kuti mtengo wa mbeu imodzi ukagwa mwana asabwerere kumudzi. Pitani naye mukafunse za ngongole imene Boma limabwereketsa ophunzira osowa, ndipo mucite zimenezi msanga, masiku olembetsa asanathe. Itanani abale, amalume ace ndi azakhali ace, mukhale pansi, ali yense anene cimene angathe.

Ndipo kwa inu nonse ndinena ici. Asilikari aja anapindula ndi sukulu cifukwa anapita kumeneko ndi mafunso enieni. Ifenso tiri nao anthu ofufuza za ulimi, monga a ku Chitedze ndi ku Bvumbwe. Mukaona cimanga cafota mosadziwika, kapena kambozi kacilendo m'munda, musangoti ndi tsoka. Zulani phesi limodzi, mangani bwino, mubwere nalo kwa mlangizi wa kwanu kuti alitumize kwa ofufuzawo. Ana athu ophunzira adzayankha mafunso a m'munda ngati ife tiwapatsa mafunsowo.

Mlungu wamawa tidzabwerera ku nazale, tikambe za kuthirira ndi kupatulira mbande. Pakali pano konzani mizera mvula isanakupezeni.

Tsalani bwino.

Ine wanu,
MLANGIZI