MUSADINDE CALA MUSANAMVETSE

Pepala limene wodwala amasaina asanalowe m'cipinda ca opaleshoni limanena kuti wauzidwa zonse ndipo wavomera. Koma kawirikawiri limakhala m'Cingelezi, ndipo ambiri a ife m'makomboni timangoti "inde adotolo" n'kudinda cala, poopa kuti tikafunsa tidzaoneka amwano kapena tsiku lathu adzalipatsa wina.

Udindo wofotokoza ndi wa dotolo wocita opaleshoniyo. Ayenera kunena cimene adzacotsa kapena kukonza, zoopsa zake monga kutaya magazi kapena bala kutukusira, njira ina ngati ilipo, ndiponso cimene cingacitike mukakana. Koma dotolo amapita msanga, odwala ena akumdikira. Wotsala m'wodi usiku wonse ndi nesi, ndipo ife tikuti nchito yake isathere pa kubweretsa pepala ndi bolopeni.

Funso lakuti "mwamva?" n'lopanda phindu, pakuti aliyense amayankha inde. Nesi anene kuti, "Amai, tandiuzani m'mau anu cimene acite mawa." Apo m'pamene zimaonekera. Mai wina amaganiza kuti akungomutsuka m'mimba, pamene akukamucotsa cibaliro ndipo sadzakhalanso ndi pakati. Wina wamva zotseka macubu, koma akuyesa n'cimodzimodzi ndi jekeseni ya miyezi 3 imene angaleke akafuna mwana. Zikatero nesi aitanenso dotolo, pepala liyambe ladikira.

Kusamvetsa kumavulaza ngakhale pa zooneka zazing'ono. Wodwala amaletsedwa kudya kwa maola osacepera 6, cifukwa munthu akagonekedwa ndi mankhwala cakudya cingabwerere n'kulowa m'mapapo. Koma ngati acibale sanauzidwe cifukwa cake, adzamdyetsa phala mobisa, ati apeze mphamvu. N'cifundo ndithu, koma cingaphe.

Inu owerenga, pitani ndi wacibale womva bwino, ndipo pemphani kuti akuuzeni m'Cinyanja kapena cinenero ciliconse cimene mumamva. Chulani mankhwala onse amene mukumwa, a BP, a shuga, ma ARV, ngakhale acikuda, musacite manyazi. Munthu wamkulu amene mutu wake ukugwira amasaina yekha, kufunsa amuna kapena amalume n'kufuna kwake. Mwana amamusainira kholo kapena womulera. Wokomoka pangozi madotolo angathe kumupulumutsa osadikira pepala. Ndipo amene wasaina kale ali ndi ufulu wosintha maganizo asanagonekedwe.