Chenjezo: Sensa Yoyezera Mpweya Musaiswe, Musaiwotche

Abale anga, tcherani khutu. Pali kanthu ka pulasitiki, kozungulira, kokwana m'dzanja la mwana, kamene mungakapeze kudzala la kuchipatala, kugalaja kapena pamulu wa zitsulo zakale. Amisiri amati sensa. Kamakhala m'kati mwa makina oyezera mpweya. Mukakaona, musakagwire ndi manja chabe. Musakaswe. Musakaponye pamoto.

Chibwerereni Covid-19, makina a okosijeni achuluka m'zipatala zathu, ndipo mpweya umenewo umayenera kuyezedwa usanapite kwa wodwala. Magalaja ena amayeza utsi wa galimoto, ndipo m'mafakitale ndi m'migodi anthu amayenda ndi timakina tochenjeza za mpweya wakupha. Masensa a m'makinawa sakhalitsa. Chaka chimodzi kapena ziwiri, atha ntchito. Koma ululu wa m'kati mwake sutha nawo limodzi.

M'masensa ambiri oyezera okosijeni muli zinthu ziwiri zoopsa: mtovu, ndi madzi a potassium hydroxide, m'bale wake wa soda wopangira sopo uja. Oyezera carbon monoxide kapena hydrogen sulphide nthawi zambiri amakhala ndi asidi wa mtundu wa m'batire la galimoto. Sensa yosabooka ilibe vuto. Tsoka limayamba ikang'aluka, ikaphikidwa ndi dzuwa mpaka kudontha, kapena wina akaitokosa ndi sikuludiraiva kuti aone zam'kati.

Mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene ambiri amapusitsika. Madzi a sodawo akakugwerani pakhungu sapweteka nthawi yomweyo. Mumangomva kuterera, n'kupukutira pa thalauzi. Kutererako ndi khungu lanu lomwe, layamba kusungunuka. Mukamadzamva kuwotcha, mankhwala alowa kale m'mnofu. Akagwera m'diso, kadontho kamodzi kakhoza kukuchititsani khungu moyo wanu wonse.

Zikachitika, thamangirani madzi. Tsukani diso ndi madzi oyera oyenderera kwa mphindi zosachepera 15, zikope zili zotsegula, kenako kuchipatala msangamsanga. Vulani chovala chomwe chanyowa. Musathire viniga kapena mandimu poganiza kuti mukupha soda. Musapake mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano. Mwana akameza, musamusanzitse: zimene zawotcha potsika ziwotchanso pokwera.

Inu ogula zitsulo zakale, ndi inu osungunula aluminiyamu n'kuumba mapoto, apa ndi panu. Potassium hydroxide akakhudza aluminiyamu kapena zinki amatulutsa mpweya wa haidulojeni, ndipo asidi uja amachitanso chimodzimodzi pa zitsulo zambiri. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, koma umagwira moto ndi kanthethe chabe. Thumba la masensa odontha losakaniza ndi zidutswa za aluminiyamu, m'kachipinda kotseka, pafupi ndi mbaula kapena wowotcherera zitsulo, ndi ngozi yongodikira ola lake. Ndipo musasakanize masensa a soda ndi a asidi m'chitini chimodzi. Akakumana amatentha n'kuthovoka.

Nanga kuwotcha? Timakonda kwambiri kuyatsa dzala madzulo, n'kuganiza kuti moto umayeretsa chilichonse. Ayi ndithu. Pulasitiki imatulutsa utsi wakupha, madzi a m'kati mwa sensa amawira n'kuphulitsa kachikopa kake, ndipo mtovu sumapsa. Wina umakwera ndi utsi, wina umatsala m'phulusa, phulusa lomwe mwana adzaseweretse mawa, lomwe mvula idzakokolere kudimba.

Za mtovu musachite nazo chibwana. A World Health Organization amanena poyera kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wabwinobwino, ndipo thupi la mwana limaumwa kanayi kapena kasanu kuposa la wamkulu. Umawononga ubongo mwakachetechete. Mwana amangoyamba kuvutika m'kalasi, makolo n'kumamukalipira kuti ndi waulesi. Funsani abale athu a ku Kabwe, ku Zambia. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a kumeneko akudwalabe ndi dothi lomwe amasewerapo.

Inu amisiri a makina a m'chipatala, inu anamwino ndi okonza m'mawodi, mphamvu yoletsa zonsezi ili m'manja mwanu. Mukatsegula makina n'kuona zoyera zokakamira m'mbali mwa sensa, kapena kunyowa, yadontha imeneyo. Valani magolovesi ndi magalasi otchinga maso musanaichotse. Musanunkhize, musapukute ndi chala. Ikani m'kathumba ka pulasitiki kolimba, mangani, lembanipo kuti ndi poizoni. Isalowe m'bini la zinyalala wamba, isalowenso m'ng'anjo yowotchera zinyalala za kuchipatala. Ipite kwa a PAM, oyang'anira zipangizo za chipatala, kapena ibwerere kwa amene anakugulitsani makinawo. A m'magalaja ndi m'mafakitale, funsani a bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA kapena ofesi ya zachilengedwe kukhonsolo kwanu za kotayira koyenera, ndipo pogula sensa yatsopano umirirani kuti akupatseni pepala lofotokoza mankhwala ali m'katimo.

Makolo, uzani ana lero lomwe: kanthu ka pulasitiki kokhala ndi mawaya kapena timano tachitsulo, kotoledwa kudzala, sikoseweretsa. Mwana akabwera nako kunyumba, mulandeni ndi pepala la pulasitiki kumanja, musambitseni m'manja ndi madzi ambiri, ndipo mufunseni bwinobwino kumene wakatola, chifukwa komweko kungakhale tina.