Mowa sulakwa, yalakwa ni dilamu

Tiyeni tikambe zoona. Mu makomboni mwathu mowa uphikidwa, ndipo udzapitiliza kuphikidwa. Boma inaletsa tujilijili mu 2012, koma ludzu silinathe, na mitengo ya mu bala siinatsike. Manje acinyamata ambili ayamba kuphika okha: wina wa cimela, wina wa cinanazi na shuga. Pa kuphika tilibe nanu mlandu. Mlandu wathu uli pa cimene muphikilamo.

Pitani kuseli kwa nyumba ku Kanyama kapena ku Chawama mukaone. Dilamu ya buluu yogula pa msika, mwini wake osadziwa kuti kale inanyamula ciani. Baketi ya penti. Cigubu ca mafuta a galimoto. Mukafunsa, yankho ni imodzi: "Tinatsuka na sopo." Abale, pulasitiki imamwa mankhwala, ndipo sopo imatsuka pamwamba cabe. Mowa ukayamba kuwila umakhala wowawasa komanso waukali, ndiye umakoka zonse zimene zinabisala m'pulasitiki. Baketi ya malata nayo siithandiza: kuwawasa kumasungunula zinki, anthu n'kuyamba kusanza. Mawa lake timva ati mowa wa amai uje uli na mfiti. Mfiti ni baketi.

Enanso mumatseka cigubu ndindindi, ati mphamvu isathawe. Yisiti ikamadya shuga imatulutsa mowa na mpweya, ndipo mpweyawo ufuna potulukila. Yang'anani paketi ya Chibuku: pamwamba pali kaboo. Sanalakwitse, mowa ukali kuwila mkati. Boolani civindikilo, lowetsani kapaipi, mbali ina muiviike m'botolo ya madzi. Mpweya utuluka, nchenche sizilowa. Ndipo mowa umene ukali kuwila musautsekele m'botolo ya galasi. Ikaphulika siisankha diso la ndani, ngakhale la mwana wogona pafupi.

Tsiku losamutsa ndiye timaonongelatu nchito ya mlungu wonse. Munthu anyamula baketi na kukhuthula kucokela pamwamba monga madzi a pa pompi. Mphepo ikalowa, tizilombo timasandutsa mowa kukhala viniga, ndipo tunchenche tuja twa pa zipatso ndiye tumatibweletsa. Wa masese umamwedwa na masese ake, zoona, koma usefeni na nsalu yowilitsa. Wa zipatso ukokeni na paipi pang'onopang'ono, cigubu codzala cili pamwamba, copanda kanthu cili pansi, nsenga zitsale. Paipi musaiyamwe na pakamwa monga mukoka petulo. Idzazeni na madzi owilitsa, tsekani na cala, izayamba yokha.

Tidziwa cimene muzakamba: "Ambuya analibe mapaipi, koma mowa wao unali kuvinitsa mudzi wonse." Inde. Koma mbiya ya ambuya inali na nchito imodzi. Siinasungepo palafini olo mankhwala a thonje. Anali kuitsuka, kuiyanika pa dzuwa na kuivindikila bwino. Ise tatenga ludzu lao, ukhondo tausiya ku mudzi.

Ena muzati ndalama kulibe. Ya shuga na yisiti munaipeza. Funani cigubu cimene munali cakudya cabe, monga ca saladi ca malita 20, mucitsuke na madzi otentha mpaka mafuta athe. Nambala 2 ija ya pansi ikuuzani mtundu wa pulasitiki, osati cimene cinalimo kale. Ngati wogulitsa sadziwa, cisiyeni. Cokandika mkati naco citayeni, cifukwa dothi imabisala m'mikwingwilima.

Kwathu wophika ndiye amayamba kulawa pamaso pa onse, kuonetsa kuti mulibe coipa. Mwambo uyu tiubweze, koma tiwonjezele cimodzi. Tikalibe kulandila kapu, tionetseni dilamu.